Maŵa, mlamu

Bambo ena okalamba amene ndinkawasamalira ku Nedlands, kuno kunja kumene ndimakhala, anali osindikiza mabuku pa unyamata wawo. Miyendo inali itatha, koma pakamwa ayi ndithu. Ndikamawasambitsa, nkhani inali imodzimodzi: Mngelezi wina wamakedzana amene anayamba ndi kuzokota mawu pamiyala ya pamanda, kenako n'kumasema zilembo zosindikizira mabuku. Akuti ankapanga yekha inki yakuda bii ndi pepala losalala, anzake n'kumamujeda kuti zilembo zakezo zichititsa anthu khungu. Atamwalira, kwawo kunasowa wozigula, mpaka zinakagulitsidwa kunja.

"Okutaya ndi akwanu," ankamaliza choncho. Ine ndinkangoseka.

M'galaja mwawo munali madilowa odzaza zilembo zamtovu, zotengera kalembedwe ka Mngelezi uja. Tsiku lina anandiuza kuti ndilembe liwu la Chichewa. Ndinalemba "maŵa". Kachipewa ka pamwamba pa w kanawazunguza, poti m'madilowa monsemo munalibe chilembo chotero. Anatenga tupa n'kudula kachipewa pa chilembo china, n'kukalumikiza pa w. Atadinda liwulo papepala, ndinagwetsa misozi ngati mwana. Anandilonjeza zilembo zonsezo, bola ndidzasindikize nazo chilankhulo changa. Ine ndinali nditaganiza kale zoti ndidzasindikize: nyimbo zimene malemu mayi anga ankaimba, tizidzaziimba kutchalitchi kwathu ku Mirrabooka.

Atamwalira ndinkaopa kuti ana awo andimana. Anandipatsa zonse, popanda kudodoma. Vuto linali malo, chifukwa ndimakhala pafulati yam'mwamba ndipo mtovu ndi wolemera. Alamu anga, amuna a achemwali anga, amagwira ntchito ku Kwinana ndipo ali ndi galaja yaikulu. Anabwera okha ndi galimoto.

"Musadandaule, mlamu. Katundu wanu ndi wathu yemwe."

Mawu amenewo ndikanawamvetsetsa! Ndikati ndibwere ndidzayambe kusanja zilembo, yankho linali limodzi: "Maŵa, mlamu, galaja ndi yosalongosoka." Koma Loweruka lililonse ankandibweretsera nsomba zimene awedza. Ndinkakazinga, kudya, mpaka kuwatama pagulu kuti alamu otere ndi osowa.

Nditatopa ndi maŵa, ndinangopita osawauza. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, kapoto kali pamoto wa gasi, akusungunula mtovu n'kumathira m'zikombole. Ankapanga timiyala tolemeretsa mbedza. Madilowa aja anali atasanduka mosungira mbedza ndi zingwe.

"Alamu, n'chiyani chimenechi?"

"Aa, mlamu, inunso! Masiku ano amaprinta pa kompyuta. Zitsulo zimenezi zimangodya space."

Achemwali anga anaima pakhomo la khitchini, maso pansi. Apo m'pamene ndinadziwa kuti ankadziwa kuyambira kale. Zimenezo zinandipweteka kuposa mtovuwo, ndipo zikundipwetekabe. Nyimbo zija tinkaimba limodzi ndi iwowo, mayi akutsogolera.

Ndinagwada n'kuyamba kufufuza m'chidebe cha zotsala, kufuna chilembo chimodzi chokha, cha kachipewa chija. Ndinapeza manambala ndi timadontho basi. Mwina chili pansi pa nyanja, mwina ndi chomwe chinakola nsomba imene ndinawatamira ija.

Podzuka, mawondo ali fumbi lokhalokha, ndinawafunsa kuti bwanji sanandiuze. Alamu anazimitsa gasi, n'kupukuta manja pa buluku.

"Mwakwiya, mlamu. Tikambirane maŵa."