Madzi a sileti ya agogo

Mwaswera bwanji abale.

Zotsatira za Sitandade 8 zatuluka lero. Mphatso, mwana wa achimwene ku Chitakale, wasankhidwa kusekondale. Yamikani, wa malemu achemwali kumudzi, walephera.

Onse awiri tinawamwetsa madzi otsukira sileti ya agogo aakulu, ija ankalembapo ku Mishoni azungu atangofika kumene. Azakhali agamula kale mlandu: "Yamikani anamwa pang'ono. Ine ndinamuona akulavula!"

Sanatchule zoti Mphatso amakhala pa desiki ndipo madzulo amayi ake amamuwerengetsa. Yamikani kalasi yake ndi mtengo wa mango, mvula ikagwa aweruka.

Azakhali akuti akayambe kuthyola tiyi. Ine malume ake ndati abwereze, adzakhale kwathu kufupi ndi sukulu ya denga.

Inu mukuti bwanji: timusamutse, kapena tingowonjezera madzi?