Enifa ndi Mnyamata Wosameta Maliro

Enifa Davie amagulitsa mandasi pa Lirangwe, pamene maminibasi amatsitsira anthu. Bungwe lina la ku Blantyre litafuna munthu wothandiza ana ogona m'makonde a masitolo, linasankha iye, poti anawo ankamudziwa kale: ndiye ankawakalipira m'mawa uliwonse asanawapatse mandasi ogona. Analandira tisheti ndi maphunziro a ku loji, kumene anamva kuti mwana wosowa pogona ali ndi dzina lalitali la Chingerezi. Za malipiro anamuuza kuti Mulungu amaona.

Mwa anawo munali Pempho, mnyamata wa kwa Kuntaja, wa tsitsi lopotana lofika m'makutu. Mayi ake atamwalira mwadzidzidzi, pasiwa pomwepo panamveka manong'onong'o oti mwanayo amatamba, ndiye wawadya. Anathawa maliro asanaikidwe. Tsiku limene abale amameta kuti maliro athe iye kunalibe, ndipo kumudzi anati umboni ndi umenewo. Malume ake, a Solomon, analumbira kuti akadzamuona adzamukhapa.

A Mark, bwana wa ku ofesi, anali ndi pulani: galimoto yoyera, kamera, kenako kukatula mwanayo kwa bambo ake.

"Bwana, bamboyo anali mkamwini," anatero Enifa. "Ananyamula chikwama chake, anakakwatira kwina. Mwanayu kwawo n'kwa amake, munda wake uli komweko. Mwini wake ndi malume."

"Ofuna kumukhapawo?"

"Omwewo."

A Mark anakumbukira kuti ali ndi msonkhano.

Enifa anayamba kupita yekha kwa Kuntaja, kukacheza ndi a Ivy, mayi aang'ono a Pempho, uku akuwathandiza kusenda nandolo. Mvula ili pafupi, a Solomon anatumiza mawu amodzi okha: abwere. Abwere kudzatani, sananene.

Tsikulo tisheti anaisiya, anavala chitenje, nagula lezala latsopano, nanyamuka ndi Pempho. Potsika minibasi kuti akwere kabaza, Pempho anamugwira dzanja.

"Mayi Enifa, akandipha mukanena chiyani ku ofesi?"

"Akaitanitsa msonkhano," anayankha Enifa.

Anapeza anthu atasonkhana kale pabwalo la nyumba. Anyamata ena anaima pansi pa mtengo wa mango, wina atagwira chikwanje ngati wochokera kumunda, ngakhale mapazi ake anali oyera. Enifa anagwada patali, napereka moni. A Solomon sanamuyang'ane Pempho n'komwe.

"Malume," anatero Enifa, "ndabwera ndi mwana wa mlongo wanu. Maliro a amake akadali m'mutu mwakemu. Ine si m'bale, sindingamumete."

Anaika lezala lija pansi. Ndipamene zinamulowa bwino kuti wapereka chitsulo chakuthwa kwa munthu amene analumbira. Ku loji kuja mutu umenewu sanafikepo.

A Solomon anatola lezalalo, namasula kapepala kake pang'onopang'ono. "Gwada apa, iwe."

Pempho anagwada, naweramitsa mutu. Enifa ankaona mtsempha wa pakhosi pake ukugunda. Anayang'ana kumsewu, wakabaza anali atapita.

Malume anakoka tsitsi, lezala linayamba kuyenda.

"Unathawiranji?"

"Ndinkaopa inu."

"Lero sukundiopa?"

"Ndikuopa."

Kuseri kwa khutu kunatuluka magazi. Enifa anafuna kudzuka, koma a Ivy anamukanikiza paphewa. Lezala linaima.

"Ivy, madzi ndi sopo," anatero a Solomon. "Tsitsi lake lauma ngati chisa cha khwangwala."

Atamaliza, a Ivy anasesa tsitsilo, nakalikwirira kuseri kwa nyumba. Anyamata a pa mango aja anachoka osatsanzika.

"Agona kuno," anatero a Solomon.

Enifa anathokoza, koma kuchoka kwa anyamatawo sikunamukhale bwino. Malume atha kulandira mwana, mudzi osamulandira.

M'mawa mwake sanakazinge mandasi. Anakwera minibasi yoyamba, njira yonse akutchera khutu ngati kwina kukumveka kulira. Anamupeza Pempho pamjigo, mutu uli mbee, akupopa madzi a malume ake. Amayi ena anali atasunthira ndowa zawo patali, kudikira kuti achoke. Enifa anabwereka ndowa ya a Ivy, naiika pafupi ndi ya Pempho.

"Popa, ndili ndi ludzu," anatero, ndipo anamwa m'manja onse akuona.