Popozi wa Magalasi Amene Amayi Anasoka

Mafuta a makina osokera ali ndi kafungo kawokawo. Ndikangokamva, ngakhale lero, ndimapezeka ndili m'nyumba yathu ya ku Parklands, mumzinda wa Nairobi, mvula ya Epulo ikumenya mawindo. Tinkakhala m'chipinda cham'mwamba cha nyumba yosanjikiza. Pansi pathu pankakhala banja la Amwenye, ndipo madzulo aliwonse fungo la anyezi ndi zokometsera zawo linkakwera masitepe n'kudzasakanikirana ndi la zovala zosauma zimene amayi ankayanika pa mipando. Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ine ndili mu Sitandade 4. Makina a amayi anali opalasa ndi phazi, ndipo nyengo yonse ya mvulayo sanapume, chifukwa cha nyama imene tonse m'nyumbamo tinali tisanaionepo.

Zinayambira kusukulu. Aphunzitsi athu, Mayi Njeri, analengeza kuti potsekera teremu kudzakhala tsiku la nyama. Mwana aliyense adzavala ngati nyama imene wasankha, n'kunenapo mawu pang'ono pamaso pa makolo. Ine sindinachedwe n'kuganiza komwe. Ndinkafuna mbidzi. Ndinali nditaziona kumalo osungira nyama kunja kwa mzinda, zonenepa, zosalala, zikugwedeza michira mopanda nkhawa. Amayi anavomera msanga. Anati ndi nsalu yoyera, timizere takuda, ntchito ya masiku awiri basi. Kulakwa kwanga kunali kubwereza nkhaniyo pa chakudya chamadzulo, bambo ali pomwepo.

Bambo ankagwira ntchito ku ofesi ina ya mayiko ambiri yoona za chilengedwe. Ntchito yawo inali kusonkhanitsa malipoti a akatswiri n'kuwasanja kuti akhale buku limodzi, ndipo chaka chimenecho anapatsidwa gawo la nyama za m'nyanja zikuluzikulu zoyamwitsa ana. Anali munthu wa kumapiri a ku Dedza, wosadziwa kusambira. Titapita kunyanja ku Mombasa anangopinda buluku, madzi n'kuwafika mu akakolo, basi n'kubwerera kumchenga. Komabe kwa miyezi ingapo anangumi ndi madolofini ankadya nafe pa tebulo tsiku ndi tsiku, ife tikungovomera ndi mitu.

"Mbidzi zikakhalako zambirimbiri," anatero bambo, akuika supuni pansi. "Thoko akakhala popozi wa magalasi."

Sanadikire kuti tifunse. Anatsegula chikwama chawo cha kuntchito n'kutulutsa pepala limodzi lofiirira m'mbali. Panali chithunzi chojambula pamanja cha chinthu chonenepa pakati, chakuda bii kumsana, choyera mbee kumimba. Diso lake linali m'kadontho kakuda kozunguliridwa ndi mzere woyera, ngati chavala magalasi. Anatifotokozera kuti popozi ndi m'bale wake wa dolofini, koma wamfupi ndi wamanyazi. Wa magalasiyu amakhala m'nyanja zozizira kwambiri za kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, kupitirira nsonga ya South America, kumene mphepo siileka. Kutalika kwake n'kopitirira pang'ono munthu wamtali atagona. Ine ndinayang'ana amayi, ndikudikira kuti aseke n'kuithetsa nkhaniyo. Amayi anayang'anitsitsa bambo kwa kanthawi, kenaka anafunsa kuti nsalu yakuda ikufunika mayadi angati.

Loweruka tinakwera minibasi, imene kumeneko amati matatu, kupita kumsika wa ku Ngara, m'matope, kukagula nsalu. Yakuda yabwino inali itatha, choncho tinatenga ina yolimba ngati chiguduli, yonunkha utoto. Amayi anaidula pansi pabalaza atagwada, mapini ali kukamwa. Lachiwiri madzulo thupi linali litatha, ndi mchira womwe, ataudzaza ndi thonje la m'pilo wakale. Bambo atalowa anavula jekete yonyowa, anazungulira chovalacho kamodzi, n'kupukusa mutu. Mchira unali woimirira ngati wa chambo. Anati nsomba ndiyo imapalasa mchira uku ndi uku, koma popozi mchira wake ndi wogona chafulati, amaukweza ndi kuutsitsa. Amayi anatenga leza n'kuyamba kudula ulusi umodziumodzi.

Kenaka unabwera mutu. Amayi anaonera dolofini wa m'buku langa la kusukulu, n'kusoka chisoti chokhala ndi mlomo wautali womwetulira. Ndinachikonda pang'ono, chifukwa chinkaoneka chansangala. Bambo anati popozi alibe mlomo wotero, nkhope yake ndi yobulungira, yosasongoka, milomo yake yakuda. Leza inagwiranso ntchito. Anafunanso kabowo pamwamba pa chisoti, popeza nyamayi imapuma mpweya ngati ife, kudzera pa bowo la pamutu, ndipo ikakhalitsa pansi pa madzi osabwera pamwamba imafa. Kabowoko ndi kamene kanali kokha kondithandiza, chifukwa m'chisotimo munkatentha ngati mu uvuni.

Masana aliwonse ndikaweruka ndinkaimikidwa pa mpando kuti andiyese. Kunja ana a m'nyumba zoyandikana ankayendetsa timabwato ta mapepala m'ngalande, akukuwa m'Chiswahili, ine ndili chiimire, manja m'zipsepse, mapini akundibaya m'khwapa. Bambo ankafuna kuti miyendo yanga yonse ilowe mumchira, poti popozi alibe miyendo. Nditayesa kuyenda ndinagwera pa tebulo n'kutaya shuga. Apo amayi anang'amba kunsi kwa chovalacho osafunsa munthu, mapazi anga n'kutulukira.

Mkangano waukulu unali wa chipsepse cha pamsana. Amayi anachisoka monga chinalili pa chithunzi, chachikulu, chobulungira ngati mbale yoimika. Anachilimbitsa ndi katoni kuti chisagwe, ndipo chinawatengera masiku awiri. Bambo anachiyang'ana n'kukanda m'mutu. Anati anaiwala kunena kuti wa pachithunziyo ndi wamwamuna. Wamkazi chipsepse chake ndi chaching'ono, cha makona atatu, ndipo Thoko ndi mtsikana.

Amayi anachotsa phazi pa makina.

"Bambo a Thoko," anatero pang'onopang'ono, "ku Nairobi kuno alipo munthu angasiyanitse yaimuna ndi yaikazi?"

"Palibe, amake Thoko."

"Nanga inuyo munaionapo?"

Bambo anavomera kuti sanaionepo. Anati ngakhale akatswiri amene ankawalembera makalata, ambiri ankaidziwira ku mafupa ndi mitembo imene mafunde amatayira m'magombe akutali. Oiona yamoyo ikusambira anali ochepa kwambiri. Ine ndinalumphira pomwepo, ndikuona ngati ndapeza potulukira. Ndinati ndiye kuti ngakhale titalakwitsa palibe adzadziwe.

"Ine ndidzadziwa," anatero bambo.

Ndinayesa njira zanga. Ndinabisa pepala lija kuseri kwa kabati, koma bambo anajambula lina pa envelopu, kuchokera m'mutu, osaphonya ngakhale kamzere kotuwa ka pa chipsepse cha m'mbali. Ndinadwala m'mimba masiku awiri, amayi n'kundimwetsa mankhwala owawa mpaka ndinachira ndekha. Ndinalira, ndinanyanyala chakudya. Chimene chinkandipsetsa mtima koposa sanali bambo, koma amayi. Ankapalasa makina akulalata chapansipansi. Ankati anasiya ntchito yauphunzitsi ku Zomba kuti adzasokere nyama yosaoneka, ankati munthu woopa madzi a m'bafa wasanduka mfumu ya nyanja. Koma bambo akangoti mzere wolekanitsa kuda ndi kuyera wapindika, uyenera kuwongoka ngati wodula ndi mpeni, amayi ankatenganso leza. Anakana chinthu chimodzi chokha. Bambo ankafuna mano a katoni, chifukwa mano a popozi ndi aphwatalala ngati timafosholo pamene a dolofini ndi osongoka ngati misomali. Amayi anati mwana wawo sapita pagulu ndi mano a katoni, ndipo nkhani ya mano inathera pomwepo.

Tsiku lija kunacha kwa mitambo. Sukulu inali pafupi, choncho tinayenda wapansi, ine pakati, amayi atandinyamulira mchira. Aphunzitsi anatindandalitsa pa bwalo kuti tigube kulowa mu holo. Kunali mikango, anyalugwe, akadyamsonga a makosi a katoni, ndi mbidzi zisanu ndi ziwiri. Ndinaziwerenga ndi mtima wowawa. Tisanayambe n'kuyenda komwe, mvula inangoti khuthu. Makolo anathawira pakhonde. Anzanga anathamanga, koma ine ndinkangodzikoka, thonje la mumchira likumwa madzi n'kumalemera ngati thumba la mchenga.

Nditafika mu holo ndinadziyang'ana pamimba. Nsalu ya ku Ngara ija inali itasukuluka. Utoto wakuda unkatsetsereka m'mizeremizere kulowa m'kuyera konse, mzere wowongoka uja utatheratu. Magalasi a pachisoti anali atasanduka madontho otuwa. Pansi pamene ndinaima panali kachithaphwi kakuda. Anyamata a kumbuyo anayamba kuimba m'manja. "Samaki! Samaki!" Ndiko kuti nsomba m'Chiswahili. Mayi Njeri anandiyang'ana, anayang'ana pepala lawo, n'kulengeza mwaulemu kuti tsopano tiona Thoko wa ku Malawi, amene wavala ngati nsomba.

Sindikudziwa chinandigwira. Ndinali nditakonza kunong'ona mawu awiri n'kuthawa. Koma nditamva mawu akuti nsomba, milungu yonse ya mapini ndi leza inandikwera kumutu. Ndinavutikira zonsezi kuti anditchule nsomba? Ndinakwera pa nsanja, mchira ukukhwekhwereza madzi, n'kukuwa m'Chingerezi kuti sindine nsomba. Ndinati nsomba ilibe bowo pamutu, ndipo ndinawerama kuti alione. Ndinati ndimabereka mwana wamoyo n'kumuyamwitsa. Ndinati kwathu madzi ndi ozizira koti aliyense wa iwo angafe asanamalize kupemphera, koma ine ndili ndi mafuta okhuthala pansi pa khungu. Ndinatembenuka n'kuwaonetsa mchira wogona, ndi chipsepse chaching'ono chosonyeza kuti ndine wamkazi. Ndinamaliza ndi kunena kuti oniona ndili wamoyo ndi ochepa padziko lonse, choncho asiye phokoso, andiyang'ane bwinobwino.

Holo yonse inaphulika ndi kuseka, kenaka m'manja. Mayi Njeri anafufuta china chake pa pepala lawo. Ndinaona bambo kumbuyo, ataimirira okha pakati pa anthu okhala pansi, chipewa chili pachifuwa. Mphoto inapita kwa mkango.

Pobwerera mvula inali itakata. Ndinkayenda ndi nsapato zolira madzi, khungu langa lonse lili lotuwa ndi utoto umene unatenga sabata kuti uchoke. Tinafika pa golosale ya pakona. Pamenepo bambo anatsokomola pang'ono.

"Wanena bwino, mwanawe. Koma waiwala za mano."

"Bambo a Thoko," anatero amayi, "mukatchulanso mano, chakudya cha lero mukadyera ku nyanja komweko."

Sindinawayankhule bambo masiku atatu. Chovalacho amayi anachidula n'kuchisandutsa zopukutira pansi, ndipo ndinkazipondaponda mokondwa. Mvula itatha, bambo anasiya kubweretsa nyama za m'nyanja pa tebulo. Anayamba kukamba za kukokoloka kwa nthaka, zimene sizinkafuna kusokedwa, ndipo ine ndinathokoza Mulungu.

Panapita zaka zambiri, titabwerera kumudzi ndipo bambo atamwalira, pamene amayi anandiuza zimene sindinkadziwa. Tinali kusenda mbatata pakhonde, ine ndili kale ndi ana anga. Anati sabata imodzi ndisanabwere ndi nkhani ya mbidzi, akuluakulu a ku ofesi anachotsa m'buku lija masamba onse a popozi wa magalasi. Anati zodziwika za nyamayo n'zochepa, malo ndi osakwanira. Bambo anali atathera miyezi akulemba makalata kumayiko akutali, kudikira mayankho, kusonkhanitsa kachidutswa apa, kachidutswa apo. Pa msonkhano umene anagamula zimenezo bambo sanafunsidwe maganizo. Anauza amayi okha, kamodzi, akumasula tayi, ndipo sanaitchulenso.

Ndili mwana ndinkaona bambo osamva za anzawo ndi mayi olephera kukana. Mwina zonsezo zinali zoona ndithu, ndipo mpaka lero ndimati akanatha kundifunsa kaye. Koma tsopano ndimaonanso munthu amene anaphunzira chinthu ndi mtima wake wonse n'kusowa womuuza, ndi mkazi amene anali wotopa, wokwiya, koma anasankha kumupezera omvera. Ndinawafunsa amayi chifukwa chake sanandiuze nthawi imeneyo, popeza mwina ndikanavala mosanyinyirika.

"Ukanawamvera chisoni, n'kukanong'ona pa nsanja paja," anatero, osasiya kusenda. "Unamveka mpaka kumbuyo chifukwa unali utakwiya."