Kabotolo Kochokera ku Halale

Mpaka lero ndikang'amba pichesi lakupsa, fungo lake limandibwezera kwathu kwa Kaphuka, m'chilimwe cha chaka chimene abambo anali ku ntchito ku Halale. Ndinali kamtsikana kogweluka mano akutsogolo. M'mawa mphepo ya kuphiri inkatilumabe m'miyendo, koma pofika masana nyenje zinkalira mpaka makutu kuwawa, fumbi lofiira n'kumamatirira m'zidendene. Kuseri kwa nyumba yathu mitengo ya mapichesi imene abambo anabzala inali italemedwa ndi zipatso zongoyamba kufiira.

Kabotoloko anabwera nako aGeresomu, bambo wa ku Chimbiya amene ankagwira ntchito limodzi ndi abambo. Anatula mtolo pakhonde: bulangete, shuga, nsalu ya amayi, ndi kanthu kena kokulungidwa m'sokosi. Amayi atavundukula, tinaona kabotolo kotalika ngati chala, ka chitsekerero chagalasi, kokhala ndi chithunzi cha duwa loyera. Anatsekula, ine n'kuiwala kupuma. Ife tinazolowera mafuta a nsatsi, olemera, okakamira pakhungu. Awa anali opepuka. Ankayamba ngati maluwa a m'tchire mvula yoyamba ikagwa, kenaka n'kutsalira fungo la pichesi lenileni, lozuna, losalasa mphuno. AGeresomu anati dzina lake ndi perefyumu.

Amayi anga, aNaphiri, anali munthu wamtali, wosachuluka mawu, koma wouma mutu ngati mwala wa mphero. Akasamba m'mawa ankadontheza kadontho pachala, n'kupaka kuseri kwa makutu ndi pakhosi. Dzuwa likapendeka sankakhudzanso kabotoloko. Ankati, "Izi n'za masana. Wondinunkhiza andinunkhize dzuwa likuona." Ankapita nalo fungolo kuchitsime, kudimba, ngakhale kutchalitchi ku Kabwazi. Ine pambuyo pawo nganganga, kamtsuko pamutu, mphuno m'mwamba. Kunyada kwake! Mudzi wonse panalibe mwana wina amene amake ankanunkhira choncho, ndipo anzanga ndinkawauza tsiku lililonse, afune asafune.

Posakhalitsa ndinayamba kuona kuti tikafika pachitsime nkhani zinkaduka. Tsiku lina aNambewe, oyandikana nafe nyumba, mayi wa pakamwa posatseka, analankhula akuyang'ana m'mtsuko mwawo: "Mwamuna ali ku Halale, nanga munthu akununkhirira yani?" Ena anaseka chamumtima. Manong'onong'o anali akuti kabotolo sikanachokere kwa abambo ayi, anagula okha aGeresomu, ndipo mphatso yotere mwamuna sapereka chabe. Amayi anatunga madzi awo, n'kusenza, n'kumapita. M'mawa mwake anadontheza madontho awiri.

Masiku amenewo, ngakhale ansembe ankatsutsa paguwa, aliyense kwathu ankaopa mdulo. Ankati mkazi akayenda ndi mwamuna wina sayenera kuthira mchere m'ndiwo, chifukwa wodya ndiwozo amadwala chifuwa, mapazi n'kutupa, ndipo oyamba kufa amakhala makanda. Mkazi wodziwa mlandu wake ankangotuma mwana kuti athire ndiye. Zimenezi ine sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti mchere ndi chinthu cha akuluakulu, ndipo mwana akaugwira amalandira khofi.

Mitambo itayamba kusonkhana kuphiri, amayi anaitanitsa dima kuti anthu adzatithandize kugalauza mizere m'munda, poti pakhomo panalibe mwamuna. Anafulula thobwa, n'kutereka nkhali yaikulu ya nyemba zofiira. Amayi a m'mudzi anabwera kudzathandiza kuphika. Utsi unali tolo, nkhuni za muwanga zikuthetheka, koma amayi akadutsa, kafungo ka pichesi kankamvekabe pakati pa utsiwo. Nyemba zitafewa, amayi anatambasula dzanja kuti atenge chikho cha mchere. ANambewe anawatsogolera. Anatapa mchere, n'kuuthira m'manja mwanga.

"Felista, tathira ndiwe, mwanawe. Amako manja awo atopa."

Ine mtima dyokodyoko ndi chimwemwe. Lero ndakula! Ndinayenda kupita pankhali ngati mkwatibwi. Ndisanafike, amayi anandigwira pamkono. Sanakalipe. Anatambasula zala zanga chimodzichimodzi, n'kukokolola mchere wonse, ngakhale timibulu tomatirira m'thukuta. Anauwaza m'nyemba, anatakasa, analawa, n'kuwonjezeranso wina.

"Mchere wa pakhomo pano ndimathira ndine," anatero.

Ine ndinalira ndi ukali, ndikuganiza kuti amayi andichititsa manyazi pamaso pa anthu.

Tinanyamula chakudya kupita nacho kumunda, pansi pa mtengo wa msuku, koma mbiri inali itafika kale. Amuna anaika makasu pansi, anasamba m'manja, anamwa thobwa. Mbale za nyemba anangoziyang'ana. Wina anati m'mimba simuli bwino. Wina anatema nsima n'kumeza yopanda ndiwo, maso ali kumbali. Nyemba zinayamba kugwira khungu pamwamba, ntchentche zikutera. Amayi sanakhale pansi. Anaima chilili padzuwa, thukuta likutsika m'khosi, akununkhirabe maluwa awo. Mbalezo zikanabwerera kumudzi zodzaza, mlandu ukanatha popanda woweruza, ndipo mbiri ikanafika ku Halale abambo asanamve mbali ya mkazi wawo.

Pagulupo panali azakhali anga, aNajere, mlongo wawo wa abambo. Amayi ndi iwo sankamwerana madzi. ANajere ankati mlamu wawo ndi wodzimva, amayi ankati aNajere lilime lawo ndi lumo, ndipo onse awiri ankanena zoona. Kumbuyo anabereka Yohane, mwana wongoyamba kukwawa, amene anabadwa ataika kale ana awiri m'manda. ANajerewo ndiwo anadzuka. Anafika pamene panaima amayi, anaika mphuno pakhosi pawo, n'kukoka mpweya mpaka mapewa kukwera. Kenaka anaphulika kuseka.

"Iii, alamu! Mapichesi? Wogula izi ndikumudziwa. Dziko lonse lapansi chitsiru chake n'chimodzi chotumiza fungo la mapichesi ku Dedza, kumene mapichesi timadyetsa nkhumba. Ndi mchimwene wanga ameneyo, wasowa mitengo yake."

Anakhala pansi, anamasula mbereko, n'kumukhazika Yohane pamwendo. Anatapa nyemba, anazifinya ndi zala, n'kumupatsa mwanayo pakamwa. ANambewe anakuwa, "Mayo, aNajere, mwana!" Iwo sanatembenuke n'komwe. Anamupatsanso kachiwiri, Yohane akunyambita milomo, akukoka dzanja la amake kuti lifulumire. Atatero anadya okha. Bambo wina wachikulire anakhosomola, n'kukokera mbale pafupi. Posachedwa panamveka kutafuna kokhakokha, ndipo mbale zinabwerera kumudzi zoyera ngati zotsuka.

Masabata otsatira mudzi wonse unkamuyang'ana Yohane. Akayetsemula, makosi onse cheu. Koma mwanayo anangonenepa, mvula yoyamba isanagwe n'kuyamba kuimirira chogwira khoma. Mapichesi anapsa, anayoyoka, nkhumba zinadya mpaka kutopa. Lamulungu lina ndinaona aNajere akulowa kwathu Misa isanayambe, n'kutuluka akununkhira. Panjira anakanganabe ndi amayi za mbuzi yolowa m'dimba.

Abambo anabwera titakolola. M'kabotolo munali mutatsala kadontho pansi, ndipo amayi anakadzola m'mawa wa tsiku limene tinakawachingamira kumsewu. Nditakula n'kuyamba ntchito ya uphunzitsi ndinakafunafuna m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kabotolo kopanda kanthu kali m'chikwama, kuti ndiwagulire amayi kena. Kulikonse ankakatembenuza, n'kupukusa mutu. Mayi wina wogulitsa anandiuza kuti anasiya kalekale kupanga. Anandinunkhiza ena ambiri, okwera mtengo, koma onse anali aukali, oyenera anthu ovina usiku.

Chilimwe chija ndinkanyadira kuti amayi anga ndi onunkhira kuposa amayi a wina aliyense, ndipo ndinawasungira mkwiyo chifukwa cha mchere umene anandilanda. Ndinali nditabereka kale mwana wanga woyamba pamene ndinamvetsa chimene anachotsa m'manja mwanga tsiku lija, ndi chimene aNajere anaika pakamwa pa mwana wawo mmodzi yekhayo, iwo amene ankakhulupirira mdulo ndi mtima wonse. Yohane tsopano ndi nkhalamba ya imvi. Akabwera kwanga ndimamuphikira nyemba zofiira, ndipo nthawi zonse amadandaula kuti mchere wachepa.