Sipanala Yotsala ya Vernon Attrill

Vernon Attrill anali wamfupi, wowonda ngati bango, ndipo thupi limeneli ndi limene linamupezera ntchito, n'kumutsekera momwemo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Ankagwira ntchito m'shedi yaikulu m'mbali mwa mtsinje wa Medina, pa chilumba cha Wight, mmene ankakonzera mahova, zombo zija zonyamula anthu zimene zimathamanga zitayandama pa mphepo, osakhudza madzi. Nyengo yozizira ikafika, okwera atachepa, mahova ankalowa m'shedimo imodziimodzi n'kuikweza pa majeke. Ena ankamasula mainjini, ena mapulopela, ena kupala utoto wakale. Onsewa ankagwira ataimirira, akuona kuwala. Vernon yekha ndiye ankalowa m'siketi, chithumba chakuda cha labala chozungulira chombo chonse kunsi, chimene chimasunga mphepo. Mafani opopera mphepoyo akazima chithumbacho chimafota, m'kati n'kutsala mpata wongokwawa ndi zigongono. N'chifukwa chake anzake ankamutcha Mfuko.

Mabawuti omangira siketi ya hova yaikulu analipo 1,840. Tsiku labwino Vernon ankayendera 230, ndiye chombo chimodzi chinkamudyera masiku asanu ndi atatu ali chigonere, tochi pamphumi, fungo la guluu m'mphuno. Akatha mabawuti, zigamba zinali zikumudikira.

Ntchitoyi inali ndi mwambo wake. Asanalowe, ankapachika kachitsulo kake ka mkuwa, kolembedwa nambala 17, pa msomali pafupi ndi chitseko. Kakakhala pamenepo, palibe woliza fani kapena kutsitsa jeke. Wochotsa anali mwini wake yekha, atayamba wawerenga zida zake: zalowa khumi ndi ziwiri, zituluke khumi ndi ziwiri. Chida chikatsala m'siketi, mphepo ya mafani imachizunguza mpaka kung'amba labala, mwina pakati pa nyanja, m'chombo muli anthu mazana awiri. Panalibe womuwerengera zidazo. Ndani akanalowa kukaona?

Katatu konse Vernon anapempha kuti amukweze agwire ntchito ya pamwamba. Katatu konse kapitawo wake, a Jolliffe, ankangosisita mimba yawo.

"Tikakukweza alowemo ndani, Mfuko? Ine? Mimba iyi angachite kuitanitsa thirakitala kuti anditulutse."

Onse ankaseka, iyenso n'kuseka nawo. Koma maondo anali atayamba kulira akamakwera masitepe, ndipo dokotala anali atamuuza kuti zaka zisanu zina zokwawa zidzamusiya ndi ndodo.

M'mwezi wa Febuluwale munamveka ntchito kutsidya kwa nyanja, ku Southampton, pa fakitale yosoka masiketi atsopano. Ankafuna woyendera labala: munthu woima pa tebulo, pafupi ndi zenera. Vernon atafunsira ntchitoyo, anamuitana Lachinayi 2 koloko masana kuti akamufunse mafunso. Sitima yowolotsa inkanyamuka pa doko la Cowes hafu pasiti 12. Mkazi wake Glenys anasita shati yoyera kawiri, n'kumupatsa ili pahang'ala.

"Musakaigwire ndi manja a girisi, Vern. Ndipo akakufunsani muziyankha mokweza. Kumeneko si m'dzenje lanu lija."

A Jolliffe anavomera monyinyirika kuti amalize chigawo chotsala cha siketi m'mawa, kenako apite. Hova imene ankaikonzayo inkayenera kutsika pa majeke masana omwewo, ikayesedwe madzi akadzaza 4 koloko, chifukwa Lachisanu inkabwerera kukanyamula anthu.

Itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 12, Vernon anatuluka chafutambuyo, n'kuyala zida zake pa nsanza monga mwa masiku onse. Anawerenga. Khumi ndi chimodzi. Anawerenganso, akukhudza chilichonse ndi chala. Anapisa m'matumba onse a ovolosi, anavula ngakhale nsapato. Sipanala yaing'ono ya nambala 13 panalibe.

Barrie Cheverton, chimphona cha ku mainjini, anabwera atagwira kapu ya tiyi.

"Bwanji Mfuko, wataya mchira?"

"Sipanala."

"Kaja kangati chala? Aise, chotsa kachitsulo kako uzipita. Mwina unakasiya kunyumba, Glenys akutakasira phala."

"Ndinali nako m'mawa uno."

"Ndani akudziwa? Ine sindinamve kanthu. Makutu anga anatha kale ndi mainjini."

A Jolliffe anafika, n'kumva nkhaniyo, nthabwala zonse zitawathera.

"Bwana, ndisiye kachitsuloko pamsomali, ndidzafune mawa m'mawa," anatero Vernon.

"Kakagona pamenepo chombo chigonanso pano, madzi atiphwera, mawa anthu asowa chokwera. Zimenezo ayi. Ukakachotsa, ndiye kuti wanena kuti m'katimo mulibe kanthu, ine ndikhulupirira. Zida ndi zako, Vernon."

Vernon anayang'ana msomali uja. Kuchotsa kachitsulo ndi ntchito ya zala ziwiri. Anayang'ana wotchi, n'kuwerengera mumtima: mphindi khumi kusamba, khumi ndi zisanu kuyenda mpaka pa doko. Zinkamutsalira makumi awiri.

"Mphindi makumi awiri zokha," anatero, n'kuyatsa tochi.

Siketiyo kuizungulira yonse inali mamita 120, ndipo m'mawa umenewo iye anali atakwawa pafupifupi theka lake pokaona zigamba. Anayambira pomwe anathera, akupapasa khwinya lililonse la labala. Labala wozizira ankamugwera pamsana. Phewa linakodwa pa chingwe, anachita kutulutsa mpweya wonse m'chifuwa kuti adutse. Kutembenuka kunalibe, njira inali kutsogolo kapena chafutambuyo basi. Mphindi makumi awiri zija zinatha asanafike ndi pa mamita khumi ndi asanu.

Kenako, kupyola labala ndi makoma a shedi, anamva kulira kwa sitima ikunyamuka pa doko. Anagoneka chipumi pa dzanja. Panja wina ankaimba mluzu. Anadzutsa mutu n'kupitiriza kupapasa.

Sipanalayo anaipeza itatsala mphindi khumi kuti ikwane 2. Inali itabisala kuseri kwa chigamba chakumbuyo, pafupi ndi pamene mphepo ya fani imalowera. Atatuluka, maondo anakana kuwongoka, Barrie anachita kumudzutsa m'khwapa ngati mwana. Palibe anaseka. Vernon anaika sipanalayo pa nsanza, anawerenga khumi ndi ziwiri mokweza, kenako anakachotsa kachitsulo kake.

"Ndawaimbira foni a ku Southampton," anatero a Jolliffe. "Akuti abwera anthu asanu, asankha lero lomwe. Tsiku lina alibe." Anamugwira paphewa. "Wina akanangothawira ku sitima. Waona tsopano chifukwa chake sitingakutaye?"

Anayankhula ngati akumupatsa mphatso.

Itakwana 4 koloko mafani analira, siketi inafufuma, chombo chonsecho chinadzuka n'kutsetserekera m'madzi chikuwaza thovu. Vernon anachionera ali pachitseko cha shedi, shati yoyera ili m'manja ndi hang'ala yake.

Kunyumba, Glenys ataona shatiyo ilibe ndi khwinya lomwe, sanafunse zambiri.

"Munabwereramo."

"Inatsala imodzi."

"Pa zida zonsezo, imodzi." Anapukusa mutu, n'kumuikira mbale ya nsomba ndi tchipisi. "Ine ndinakwatiwa ndi munthu kapena ndi kachitsulo ka nambala 17?"

Koma shatiyo sanaipinde. Anaivundikira pulasitiki n'kuipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, pamene Vernon aziiona akamadzuka. "Fakitale ija sikuti itseka mawa," anatero.

Loweruka lonse Vernon anakhala patebulo la kukhitchini ndi mpukutu wa chingwe, akumangirira chida chilichonse ku lamba wake, mfundo ziwiriziwiri. Zida khumi ndi ziwiri, zingwe khumi ndi ziwiri.

Lolemba hova ina inali kale pa majeke, ndi mabawuti ake 1,840. Vernon anapachika kachitsulo pa msomali, anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linzake, n'kulowa.