Manja a bambo anga

Bambo anga sankadya asanasambitsidwe m'manja ndi mayi. Mayi ankagwada ndi beseni n'kumawathira madzi ofunda, iwo atatambasula manja, maso ali kwina ngati sizikuwakhudza. Ankatero kwathu ku Lifidzi, ankatero kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi komwe madzi tinkachita kulimbirana, ndipo titabwerera anapitiriza. Anafe tinkawaseka kuseri kuti manja awowo ali ndi mwini wake.

Bambo atafa ziwalo mbali imodzi tinakawagoneka kuchipatala cha boma. Chipatalacho ndinkachidziwa kuyambira ubwana wanga, pomwe odikirira odwala ankagona pansi pa bedi n'kumaphika kuseri kwa nyumba, utsi uli tolo. Koma chaka chimenecho boma linali litapereka ntchito yophika, yokolopa ndi yolondera kwa empereza, kampani ya munthu wina wa ku Tete. Ndinene zoona, pansi pankawala. Fungo lija linkakulonjera uli pachipata linali litatha, chakudya chinkabwera nthawi yake chili chovundikira. Tsiku loyamba ndinayamikira ndithu.

Empereza inabwera ndi malamulo ake. Chakudya chakunja chisalowe. Nthawi ya chakudya odikirira onse atuluke, ati ena ankadyera odwala. Pofika nthawi yoona odwala, mbale zinkakhala zitachotsedwa kale.

Phala la bambo linkabwera, n'kuzizira pakabati, n'kubwerera mmene linabwerera. Dzanja lamanja linali lamphamvu, supuni akanatha kugwira. Koma ankangoyang'ana kukhomo. Masiku akupita, masaya anayamba kulowa, mankhwala akumwera m'mimba mopanda kanthu.

Ndinapita kwa anamwino. Anandimvera chisoni, koma anati, "Achimwene, za chakudya si zathunso, n'za empereza." Ndinapita kwa mayi wa empereza yemwe ankakankha ngolo ya mbale. Anati, "Ife yathu n'kubweretsa mbale ndi kuchotsa mbale. Zoti munthu wadya kapena sanadye, funsani a enfermera, anamwinowo." Ndinapsa mtima, koma wokalipira ndinamusowa. Aliyense ankagwira bwinobwino ntchito imene anamulembera. Kungoti pogawana ntchitozo, palibe amene anapatsidwa yoona ngati nkhalamba yadya.

Mayi anayesa kuchonderera mlonda wa pakhomo la wodi, bambo wa ku Domwe amene tinkagulitsa naye mbatata ya kachewere zaka zam'mbuyo. Anavula chipewa powayankha. "Amayi, ine ndikukudziwani, ndipo abambowo ndikuwadziwa. Koma shefi, bwana wathu, akandipeza, kontratu yanga yathera pompo. Ndili ndi ana." Mayi sanamutsutse. Anangoti, "Zikomo, mwananga," n'kukakhala pansi pa mtengo wa bulugamu pamodzi ndi amayi ena othamangitsidwa.

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pakati pa okolopa a empereza panali mayi wina wamasiye wa kutchalitchi kwathu, mnzawo wa mayi wa m'kwaya. Zomwe anakambirana ndi mayi sindinazimve. Ndinangoona masana ena, ngolo ya mbale itangolowa, nkhalamba ina yaifupi ikutuluka kuseri kwa zimbudzi itavala farda ya empereza, yunifolomu yabuluu yofika m'mapazi, manja ake opindapinda. Kudzanja kuno chokolopera, kudzanja uko chidebe. Ndinaizindikira ndi kayendedwe kuti ndi mayi anga. Mlonda uja nayenso anaizindikira, chifukwa mwadzidzidzi anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake.

Ine ndinazungulira n'kukasuzumira pawindo. Mayi anakolopadi, kuyambira pakhomo, bedi ndi bedi, osafulumira, mmene amakolopera m'tchalitchi Loweruka. Atafika pa bedi la bambo anatsamiritsa chokolopera kukhoma. M'chidebe muja munalibe madzi okolopera okha ayi. Anatulutsamo kabotolo ka madzi ofunda kokulunga m'nsalu ndi kabeseni kakang'ono, n'kugwada pasimenti yonyowayo.

Bambo anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Pakamwa pawo panali patapotoka, mawu ankatuluka movutikira, koma pawindopo ndinawamva.

"Akulembani liti ntchito, amayi?"

"Lero," anatero mayi. "Bweretsani manjawo, shefi asanabwere."

Anatambasula lamanja. Lamanzere lija linakana, ndiye mayi analinyamula okha n'kuliika pabeseni, n'kulisambitsa chala ndi chala ngati la khanda. Ndinali bambo wa ana anga kale, koma ndinalira pawindopo, mphuno ili pagalasi.

Mayi wa ngolo uja pobwera kudzatolera mbale anapeza ya bambo ili mbee. Anayang'ana mbaleyo, anayang'ana wokolopa wachilendoyo, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati mawa angadzawonjezereko phala.