Makatoni a ku Joni ndinawayala pamaliro

Inu owerenga, nyumba imene ndinabadwiramo ndinaitaya chifukwa cha makatoni, ndipo wolakwa ndine ndemwe.

Ndinkagwira ntchito papulazi ina ya malalanje kufupi ndi Glendale. Agogo anga anachokera ku Dedza ali mnyamata, koma ine kumudziko sindikudziwa, kwathu kunali kukomboni komweko. Pulazi ndi yotero: ntchito ikatha, nyumba nayonso yatha.

Ntchito yanga inali yosunga makatoni. Ankachokera ku Joni pa thiraki ali ophwatalala, atadindidwa kale dzina la wogula wa kutsidya kwa nyanja. Kuno ankangopindidwa n'kulongedwamo malalanje, kenako ulendo wa pa sitima. Lamulo linali limodzi: katoni isagunde pansi, isaone chinyezi. Ndinkalidziwa bwino, moti anzanga ndinkawakalipira nalo.

Chaka chimenecho makatoni anachedwa pa boda ya Beitbridge, malalanje akupsa m'mitengo. Atangofika, apongozi anga aamuna anamwalira. Anali mkulu wa kudambwe, choncho anthu anakhamuka kuchokera m'mapulazi onse mpaka ku Darwendale, gule nayenso anabwera kudzaperekeza mwini wake. Kunali chisanu cha Juni ndi kamvula kowaza kamene kuno timati guti. Mphasa zinaperewera.

Mchimwene wa malemu anandiitanira kuseri kwa siwa. "Akamwini, shuwa alendo agone pa dothi lonyowa inu muli ndi makiyi m'thumba? Maliro n'kulirana."

Mkamwini amakana bwanji pamaliro a apongozi ake? Ndinatulutsa mitolo, anthu anagonapo mpaka tinaika maliro. Kenako ndinawapukuta, ndinawaimika padzuwa pang'ono, n'kuwabwezera pakati pa anzawo. Pamaso ankaoneka bwinobwino.

Kuyambira tsiku limene mathiraki ananyamuka, mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ndikaona amanijala akuyankha foni, ndinkatchera khutu. Chakudya chinkandikanika. Ndinkangolowa mosungira makatoni muja n'kumagwiragwira otsala, ngati kuti akandiuza za anzawo ali panyanja. Mkazi wanga ankayesa ndikulira bambo ake, mpaka ankandiyamikira kwa abale ake.

Uthenga unabwera ndi zithunzi. M'chipinda chozizira cha m'sitima, makatoni anga aja anafewa n'kuphwanyika, a pamwamba onse anagwera pansi, malalanje ataphulika n'kuchita nguwi. Amanijala anayamba kukangana ndi fakitale ya ku Joni kuti inatumiza pepala lofooka. Koma pa chithunzi china panaoneka katoni ili ndi chidindo cha phazi la matope. Anthu onse amene anagona pamaliro paja ankadziwa mwini makiyi. Ntchito inandithera pomwepo.

Wogula uja anasamukira kwa alimi a dziko lina. Azimayi olongedza ambiri anauzidwa kuti chaka chamawa asabwere, ndipo ena mwa iwo ndi omwe anagona pa makatoniwo. Zimandiwawa mpaka lero. Mchimwene wa malemu uja atamva anangoti pepani akamwini, n'kupitiriza ulendo wake.

Abale anga, mukasungitsidwa katundu wopita kunja, musamuyese wanu, ngakhale akhale pepala. Manyazi a pamaliro amatha anthu akabalalika. Ndikanapita kutchalitchi kukabwereka mabenchi, kapena kungonena zoona makatoniwo asanalongedwe.

Tsiku losamuka, amanijala anandilola kutenga makatoni otsala kuti tilongeremo ziwiya. Analipo ambiri, ouma bwino, olimba. Tinalonga, tinawaika panja, mkazi wanga n'kundifunsa kuti tikulowera kuti.